Makina a amayi sanafe, tinangowamwetsa mafuta ophikira

Makina osokera a amayi anafika kwathu ku Chilomoni atakwera pamwamba pa matumba a mbatata, mutu wake uli m'bulangete, miyendo yake yachitsulo itamangidwa ndi zingwe za mphira. Maso a amayi anali atayamba kuchita nkhungu, moti kulowetsa ulusi pasingano kunkawatengera nthawi yoti munthu n'kuphika nsima mpaka kuomola. Anagamula okha kuti makinawo apite kwa mwana wamkazi. Ine ndinawaika pakona pabalaza, ndinawafunditsa kansalu koluka, ndipo kwa zaka zitatu ntchito yawo inali yosenza wailesi ndi maluwa apulasitiki.

Chinandidzutsa ndi yunifolomu ya mwana. Inang'ambika m'khwapa, ndipo atelala apakhonde anali atandiuza kachitatu mawu amene aliyense wosoketsa zovala m'dziko muno amawadziwa, akuti mubwere mawa. Ndinachotsa wailesi ija, ndinakhala pampando, ndinaponda. Chopondera chinangoti njo. Gudumu lapamutu nditalikoka ndi manja awiri linayenda pang'ono, molemera ngati mpini wotakasira nsima ya pamaliro. Pambuyo pake ndi pamene zinaululika kuti alamu anga ena, mwa mtima wabwino ndithu, anamva makinawo akulira kwichikwichi chaka choyamba chija, n'kuwathira mafuta ophikira m'kabowo kalikonse kamene anakaona.

Mafuta ophikira akakhalitsa pachitsulo amauma n'kusanduka ulimbo. Yang'anani kunsi kwa chiwaya cha tchipisi, muona zomwe zinali m'mimba mwa makina a amayi.

Amene anawadzutsa ndi bambo wina wachikulire wokonza makina, amene anabwera ndi kachikwama kokhala ndi masikuludiraiva atatu, mswachi wakale, botolo la palafini ndi kabotolo ka mafuta oyera ngati madzi. Sanasinthe chitsulo ngakhale chimodzi. Anadontheza palafini paliponse pamene chitsulo chimakhudzana ndi chinzake, anadikira, anapukusa gudumu, anapukuta zakuda zimene zinkatuluka, n'kubwerezanso. Dzuwa lisanapendeke makina anali akuyenda ndi chala chimodzi. Ine ndinakhala pambali nthawi yonseyo ngati mwana wa sukulu, ndipo zambiri zimene ndilembe pano zinayambira pamenepo. Zina ndaziphunzira pothyola masingano.

Chilembo K ndi mtsinje wa Clyde

Makina a amayi ndi Singer yakuda, ya maluwa agolide amene anafufutika pamene pamadutsa nsalu. Ndi a mtundu wa 15K. Chilembo K chikuimira Kilbowie, ku Clydebank m'dziko la Scotland, kumene kampani ya Singer inamanga fakitale yaikulu m'zaka za m'ma 1880. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1980, koma siteshoni ya sitima ya pamalopo mpaka lero imatchedwa Singer. Chimene chinandiseketsa n'chakuti Clydebank ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, womwewo umene umadutsa ku Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene mzinda wathu uno unatenga dzina. Livingstone ali ndi zaka 10 ankagwira ntchito m'fakitale ya thonje kumeneko, ndipo ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka. Ndikamalimbana ndi ulusi woduka pano pa Chilomoni ndimadzitonthoza kuti ntchitoyi ili ndi mbiri.

Isaac Singer si amene anayambitsa makina osokera. Elias Howe anali atalembetsa kale ake mu 1846, Singer n'kubwera ndi ake mu 1851, ndipo awiriwa anakokerana kukhoti. Luso la kampani ya Singer linali pa kugulitsa, makamaka kulola anthu kutenga makina n'kumalipira pang'onopang'ono. Mtundu wa 15 unakhazikika kwambiri moti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mafakitale a ku Japan anayamba kupanga ofanana nawo, ndipo a ku China ndi ku India anachitanso chimodzimodzi. Butterfly yakuda ya ku Shanghai, imene mumaiona pakhonde la sitolo ku Limbe, ku Mchesi kapena pa Jenda, ndi mdzukulu wa makina amenewa. Phindu lake kwa ife ndi lakuti bobini, singano ndi zitsulo zambiri za makina akudawa zimalowana, ndipo sizisowa m'misika.

Pa makina onsewa, msoko umapangika motere. Ulusi ulipo uwiri, wapamwamba wochokera pa chikulunga ndi wapansi wochokera m'bobini. Singano imaboola nsalu n'kutsika ndi ulusi wapamwamba. Ikangoyamba kukwera, ulusiwo umatsalira pang'ono n'kupanga kakhwekhwe pambali pa diso la singano. Nthawi yomweyo nsonga ya shatulo, kachitsulo kamene kamayenda mozungulira bobini, imadutsa, imakola kakhwekhweko, n'kukazunguliza bobini yonse. Kenaka kamkono kamene kamakwera ndi kutsika kumaso kwa makina kamakoka ulusi kuti mfundo imangike pakati penipeni pa nsalu, mano apansi n'kukankha nsaluyo kuti singano ikaboole patsogolo. Basi. Vuto lililonse la makina limakhala penapake pa ulendo umenewu, ndipo munthu amene waumvetsa sathamangira sikuludiraiva.

Singano, kachinthu kotchipa kamene kamanamizira makina

Anthu ambiri akamati makina afa, chafa ndi singano. Timaisunga ngati chuma cha makolo, mpaka ithyoke yokha. Koma singano imabuntha isanathyoke, ndipo imapindika pang'ono moti diso silingaone. Yobuntha imamveka: m'malo molowa mwakachetechete imachita kugogoda pansalu, thu thu thu, ndipo pansalu yopyapyala imakoka ulusi wa nsaluyo n'kusiya mizere. Yopindika imachititsa kuti kakhwekhwe kaja kapangikire patali ndi nsonga ya shatulo, ndiye makina amadumpha misoko. Mukaikayikira, igonekeni pagalasi, mbali yake yophwatalala ili pansi, muone ngati mpata wa pakati pa singano ndi galasi uli wofanana kuyambira kumtunda mpaka kunsonga. Langizo lofala ndi loti singano isinthidwe ikasoka maola pafupifupi 8. Ndikudziwa kuti ambirife sitingakwanitse, koma miyezi isanu ndi umodzi pa singano imodzi ndi nkhanza.

Pa kapaketi ka masingano pamalembedwa manambala awiri, monga 90/14. Yoyambayo ikunena kunenepa kwa singano: 90 ndiye kuti mamilimita 0.9. Ya 70/10 ndi ya nsalu zopyapyala ngati za mkati mwa diresi, 80/12 ndi 90/14 ndi za chitenje, malaya ndi yunifolomu, pamene 100/16 ndi 110/18 ndi za jinzi ndi nsalu zokhuthala. Kusoka mpendero wa jinzi ya pakaunjika ndi 80/12 n'kufuna kuti chidutswa cha singano chikuthukireni kumaso. Nsalu zotamuka, monga za masikipa, zimafuna singano ya nsonga yobulungira, imene imapatula ulusi wa nsalu m'malo moudula.

Pali msampha wina m'sitolo. Makina apanyumba amadya singano zimene kumtunda kwake mbali imodzi ndi yophwatalala, zolembedwa 130/705H, HAx1 kapena 15x1. Makina akuluakulu amagetsi a m'mashopu a atelala, monga Juki zambiri, amadya zobulungira kumtunda konse, za DBx1. Wogulitsa wotanganidwa angakupatseni zilizonse. Tsegulani kapaketi muone musanachoke pakauntala.

Ndiye pali kuiika kwake, pamene ine ndinagwa kawiri. Singano ili ndi ngalande yaitali mbali imodzi, imene mungaimve ndi chikhadabo. Ulusi umayenera kulowa pa diso kuchokera ku mbali ya ngalandeyo. Pa Butterfly ndi makina ambiri akuda a mtundu umenewu, mbali yophwatalala imayang'ana kumanja, ngalande kumanzere, ulusi n'kulowa kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ma Singer ena, monga 201, ndi mosemphanitsa. Makina amakono ambiri amafuna kophwatalala kuyang'ane kumbuyo. Mukaitembenuza, makina amayenda bwinobwino, phokoso labwino, koma osasoka kanthu. Ndipo ikankhireni m'mwamba mpaka igunde musanamange kasikuluwu. Ikatsalira pang'ono, misoko idumpha.

Ulusi ukaunjikana kunsi

Dandaulo lalikulu la ongoyamba kumene ndi ili: pamwamba msoko ukuoneka bwino, koma ukatembenuza nsalu, kunsi kuli ulusi wa nyankhalala ngati ndevu za chimanga. Maganizo amathamangira ku bobini, poti vuto laonekera pansi. Munthu amatenga mpeni n'kuyamba kupotokola kasikuluwu ka pa chikho cha bobini, ndipo apa ndi pamene vuto limodzi limabala ana.

Ulusi umene waunjikana kunsiwo pafupifupi nthawi zonse ndi wapamwamba. Ngati simukukhulupirira, ikani wofiira pamwamba, woyera pansi, muone wa mtundu uti umene ukulendewera. Chimachitika n'chakuti ulusi wapamwamba sunalowe bwino pakati pa timbale tiwiri timene timaupana, kapena waphonya kamkono kokoka kaja. Timbaleti timatseguka kaphazi kopanikiza nsalu kakakhala m'mwamba, ndipo timatsekeka kakatsika. Mukalowetsa ulusi kaphazi kali pansi, ulusi umangodutsa pamwamba pa timbale osapanidwa. Mankhwala ake ndi aulere: kwezani kaphazi, solani ulusi wonse, muyambirenso kuchokera pa chikulunga, osadumpha kangowe ngakhale kamodzi. Mukatsitsa kaphazi n'kukoka ulusi, muzimva kuti walimba. Chinanso chimene chimabweretsa ndevu zomwezi n'kuiwala kutsitsa kaphazi posoka chinthu chokhuthala, poti nsalu imaoneka ngati yapanidwa kale.

Zikatero ndiye mungakhudze chopotokola cha timbale, pang'onopang'ono, mukuyesa pa kansalu kotsala kopinda pawiri ka nsalu yomweyo imene mukusoka. Mfundo zikamaonekera kunsi, wapamwamba walekerera, umangeni. Zikamaonekera pamwamba, kapena nsalu ikamachita makwinya, wamangika kwambiri, umasuleni. Kasikuluwu ka pa chikho cha bobini n'komaliza kukakhudza. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani bobini yodzaza m'chikho, ulusi udutse pa kampata ndi pansi pa kachitsulo kopana, ndiye mulendewetse chikhocho pa ulusi wake, dzanja lina lili pansi. Chizilendewera osagwa, koma mukagwedeza dzanja pang'ono chizitsika pang'ono n'kuima. Ngati mpofunika kupotokola, potokolani pang'ono zedi, ndipo chitirani pamwamba pa mbale. Kasikuluwu kameneka kakagwa pansi pa simenti, mwakasowa.

Za ulusi weniweniwo ndili ndi mawu owawa. Ulusi wotchipa kwambiri, waubweyaubweya, wonenepa pena n'kuwonda pena, ndi umene umadula mitima ya osoka. Kachigawo kalikonse ka ulusi wapamwamba kamalowa ndi kutuluka pa diso la singano kambirimbiri kasanakhazikike mumsoko, choncho ulusi wofooka umaperepeseka n'kuduka. Wakalekale wa thonje umene wakhala padzuwa nawonso umafumbwa mphamvu. Ukokeni ndi manja, ukaduka mosavuta musauike pamakina. Ngati ulusi ndi wabwino koma ukudukabe, yendetsani chala pa bowo la mbale imene singano imalowamo ndi pa nsonga ya shatulo. Singano iliyonse imene inathyokapo imasiya chipsera chakuthwa, ndipo chipsera chimenecho chimadula ulusi ngati lezala. Kasandipepala kosalala kwambiri kamachotsa vutoli.

Tizolowezi tina n'tating'ono koma timapulumutsa. Gudumu lapamutu lizizungulira chobwera kwa inu. Mukalibweza m'mbuyo ulusi uli pasingano, ukolana mu shatulo. Poyamba msoko, gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo kwa kaphazi mpaka singano iboole kawiri kapena katatu. Pomaliza, onetsetsani kuti kamkono kokoka ulusi kali pamwamba penipeni musanasolole nsalu. Ndipo musamakoke nsalu kumbuyo kuti ifulumire. Kuyendetsa nsalu ndi ntchito ya mano. Manja anu ndi oongolera chabe. Kukoka kumapinda singano, singano n'kumenya chitsulo.

Mafuta, fumbi ndi lamba

Chitenje chatsopano chimabwera ndi sitachi yambiri ndipo chimathothoka ubweya. Ubweyawo umagwera pansi pa mbale, pakati pa mizere ya mano, n'kuumbika mpaka kukhala ngati kachidutswa ka bulangete. Tsiku lija bambo aja atamasula masikuluwu awiri a mbaleyo, anatokosamo chinthu chimene ine ndinkayesa kuti ndi mbali ya makina. Mano akadzaza choncho satulukira mokwanira, nsalu siyenda, misoko imangounjikana pamodzi. Mswachi wakale ndi wokwanira. Kupemerera ndi pakamwa ayi, poti kumakankhira zinyalala mkati ndipo mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Kuchapa chitenje musanachidule kumathandiza makina, komanso kumakupulumutsani ku diresi lobwerera likangochapidwa koyamba.

Shatulo ya makina akudawa imatuluka: mumachotsa chikho cha bobini, n'kumasula mkombero umene umaigwira. Pukutani njira imene imayendamo, dontho limodzi la mafuta, n'kubwezera monga munapezera. Ngati ndi koyamba, jambulani ndi foni musanachotse kanthu. Malo amenewa ndi amene amamva ludzu kwambiri, ndipo ngati mumasoka tsiku lonse amafuna dontho tsiku lililonse. Timabowo ta pamwamba pa mutu, zitsulo za kuseri kwa chivundikiro cha kumaso, ndi mfundo zonse za kunsi mukagoneka mutu chagada, nazo zimafuna dontho limodzilimodzi. Dontho, osati mtsinje. Mukatha, sokani pa sanza kaye kuti mafuta otsala asakathimbirire pa bulauzi yoyera ya Mvano ya munthu.

Mafuta ake ndi a makina osokera basi, opyapyala, oyera. Oyilo wa galimoto ndi wolemera ndipo amakola fumbi. Girizi ndi wa magiya okha pa makina amene ali nawo. Palafini ndi wotsukira, safewetsa, choncho mukatsukira palafini muyenera kuthira mafuta pambuyo pake. Palafiniyo asayandikire mota, mawaya, lamba kapena maluwa agolide aja. Nyengo ya mvula makina azikhala ovundikira ndipo asagunde khoma lonyowa, chifukwa dzimbiri limayambira pa timbale topana ulusi ndi pa shatulo, malo enieni amene amafunika kusalala.

Lamba wa makina opondera ndi wachikopa, wobulungira, wolumikizidwa ndi kawaya kopinda. Amatamuka ndi nthawi, ndipo mumadziwa poona kuti mapazi akugwira ntchito koma singano ikuchita ulesi, makamaka pokwera msoko wokhuthala. Kolowolani kawayako, dulani kachidutswa kakang'ono, boolani bowo latsopano ndi kamsomali, lumikizaninso. Dulani pang'ono, chifukwa chimene mwadula sichibwerera, ndipo lamba wothina kwambiri amalemeretsa makina. Koma musanadule, yang'anani kachitsulo kobulungira ka pakati pa gudumu lapamutu, kamene timamasula tikamakulunga ulusi pa bobini. Ine ndinatsala pang'ono kudula lamba wabwinobwino, chonsecho ndinangoiwala kukamanga.

Kuponda nakonso n'kophunzira. Amayi anandiphunzitsa ndili wamng'ono popanda ulusi, popanda singano, kungoponda mpaka gudumu lileke kubwerera m'mbuyo. Mumayambitsa ndi dzanja pagudumu, mapazi n'kulandira, phazi lina patsogolo pang'ono, lina m'mbuyo. Kenaka mumasoka pa pepala la mizere ndi singano yopanda ulusi. Zimaoneka ngati zachibwana, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga amagetsi?

Makina amakono ali ndi zabwino zake, ndisaname. Amasoka zigizagi, amaboola mabowo a mabatani, ndi opepuka. Koma ambiri otchipa ali ndi magiya apulasitiki mkati, ndipo giya ikathyoka dzino, kupeza inzake kuno ndi ulendo. Ena salola kuthiridwa mafuta paliponse, choncho kabuku kake kawerengedwe. Amene amabwera ndi achibale kapena m'makontena a katundu wakale, onani kachitsulo kolembedwa pa mota musanalumikize. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Makina opangidwira ku America ndi a 110 mpaka 120, ndipo mukawalumikiza popanda thiransifoma mumva fungo la mota wopsa nthawi yomweyo. Pochotsa zinyalala kapena posintha singano pa makina amagetsi, zulani pulagi. Phazi limaponda lokha.

Mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankathima maola ambirimbiri. Miyezi imeneyo mnzanga wa makina oyera okongola ankabwera kudzapondera kwathu. Sindinanene kanthu, koma mumtima ndinkavina.

Pali pamene manja a mwini makina ayenera kulekera. Ngati mwasintha singano, mwalowetsanso ulusi, mwatsuka, mwathira mafuta, koma makina akudumphabe kapena singano ikumenya shatulo, ndiye kuti mwina nthawi yokumana singano ndi shatulo yasokonekera, chimene okonza amati taimingi. Nsonga ya shatulo imayenera kufika pa singano pamene singanoyo yakwera mamilimita awiri ndi pang'ono kuchokera pansi penipeni, n'kudutsa pamwamba pang'ono pa diso. Kusiyana kwa milimita imodzi kumaononga zonse. Mota wotulutsa utsi, waya wosupuka, chitsulo chosweka, zonsezi n'za okonza. Powapititsira makina, tengani kansalu kamene kakuonetsa vutolo, ulusi wake uli pomwepo. Kamalankhula bwino kuposa inu.

Yunifolomu ija ndinaisoka madzulo a tsiku lomwe makina anadzuka, msoko wokhotakhota koma wolimba. Kuchokera apo ndasoka makatani, mapilo, ndi masiketi awiri a chinkhoswe amene eni ake anavala osadandaula pamaso panga. Mwezi watha ndinaimbira amayi kuti amve makina awo akuyenda. Ndinaika foni pathebulo, ndinaponda mpendero wonse wa chitenje, n'kuitenganso ndikuyembekeza kuyamikiridwa. Amayi anakhala chete pang'ono, kenaka anandifunsa kuti singano imeneyo ndinaisintha liti.

Inali m'mwezi wake wachinayi.